NKHANZA ZA ANA OKHAOKHA M'SUKULU ZA SEKONDALE

Mwana akasankhidwa kupita ku Fomu 1 timavutika kumufunira fizi, yunifolomu, bulangete, ndowa ndi kathumba ka shuga. Tikamukweza basi timapuma, nkumati ntchito yatha. Koma kumene akupitako kuli akumudikira. Lero tikambirane za nkhanza zimene ana asukulu amachitirana okhaokha, zimene iwo amazitcha kutiza.

Mchitidwewu ndi wakale, makamaka m'sukulu zogonera komweko. Mwana wa Fomu 1 amamulanda shuga, sopo ndi ndalama sabata yoyamba yomwe. Amamuchapitsa zovala za akuluakulu, kumutungitsa madzi, kumudzutsa pakati pa usiku kuti ayimbe kapena avine, ndipo tsiku la nyama ndiwo zake amadya ndi ena. Akakana amamenyedwa. Chodabwitsa nchakuti ankhanza kwambiri kawirikawiri amakhala a Fomu 2, amene chaka chatha chomwechi ankalira. Amati nawo abweze. Motero nkhanza zimasiyirana ngati chuma chamasiye, chaka ndi chaka.

Tisaganize kuti ana oyendera ali pabwino. Mtsikana amatchingiridwa panjira ndi anyamata omufunsira mokakamiza. Wina amasekedwa chifukwa siketi yake yadetsedwa ali kumwezi, ndipo amajomba sabata yonse. Mwana wachialubino, wachibwibwi, wa nsapato zong'ambika, wolankhula chilankhulo cha kwina, ndi amene amamwa ma ARV mobisa, onsewa ndiwo amayamba kulozedwa chala. Masiku ano kwabweranso foni. Mwana amajambulidwa akusamba kapena akulira, chithunzi nkumwazidwa pa WhatsApp, ndipo manyazi amamutsatira mpaka kumudzi pa holide.

Ena mwa ife timati, ifenso tinadutsamo ndipo tinakula, zimalimbitsa mtima. Mawu amenewa tiwasiye. Amene amalankhula choncho ndi aja anapirira nkumaliza sukulu. Amene anathawa teremu yoyamba osabwereranso sitiwamva, chifukwa pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi sakhalapo.

Tidziwenso kuti nkhaniyi ndi ya malamulo. Malamulo aakulu a dziko lino, amene tinayamba kuwatsata mu 1994, pa gawo 19 amateteza ulemu wa munthu aliyense ndipo amaletsa kuzunza munthu kapena kumuchita zomunyozetsa. Gawo 25 limapatsa aliyense ufulu wa maphunziro. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza gawo 23 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho ambiri a Fomu 1 mpaka Fomu 3 ndi ana pamaso pa lamulo. Palinso lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, ndi lina la 2016 limene limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni ndi intaneti. Kumenya ndi kulanda katundu ndi milandu, ngakhale zichitikire mkati mwa mpanda wa sukulu.

Nanga tingadziwe bwanji kuti mwana wathu akuzunzidwa? Iye sanena msanga, poti amamuopseza kuti akaulula aona zoposa. Tiyang'ane tokha. Mwana amene ankakhoza bwino wayamba kulephera. Ndalama ndi sopo zikumuthera msanga. Tsiku lotsegulira sukulu likayandikira akudandaula mutu kapena m'mimba. Wasiya kucheza, wayamba kukwiyakwiya, mwina kukodza pogona. Tisathamangire kunena kuti ndi ulesi kapena kuti amulodza.

Akatiuza, choyamba ndi kumukhulupirira. Mawu akuti "limba mtima, ndiwe mwamuna" amatseka pakamwa pa mwana, ndipo sadzabweranso kwa ife. Tisamuuze kuti akabwezere, pakuti iye ndi mmodzi, anzakewo ndi gulu. Timufunse modekha: anachita ndani, liti, kuti, anaona ndani? Tilembe papepala. Kenaka tipite tokha kwa mphunzitsi wamkulu, tikaonanenso ndi mphunzitsi woyang'anira ogonera kapena a matroni, tipemphe kuti dzina la mwana lisatchulidwe pa asembule, ndipo tigwirizane tsiku lodzamva zimene achita. Tsikulo likakwana tibwerere. Sukulu zina zimakonda kubisa nkhani poopa kuipitsa mbiri. Zikatero tipite ku ofesi ya maphunziro kapena ya zosamalira anthu ku boma. Ngati mwana wavulazidwa kapena wagwiriridwa, tisadikire komiti: tipite ku polisi, ku Victim Support Unit, ndi kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Palinso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Mwana akayamba kulankhula zoti bola kufa, tisamusiye yekha ngakhale usiku umodzi.

Kusamutsa mwana wozunzidwa kukhale chinthu chomaliza. Bwanji wolakwiridwa ndiye asiye anzake ndi aphunzitsi ake, wolakwa nkutsala?

Tsono pali mbali ina yowawa. Wozunza anzakeyo naye ali ndi makolo, ndipo mwina ali pakati pathu pompano. Tikaitanidwa ku sukulu tisafike ndi ukali, kumati mwana wanga sangatero. Timve kaye. Abweze zimene analanda, apepese, alandire chilango cha sukulu. Koma kumukwapula pagulu sikuthandiza, chifukwa kumangomuphunzitsa zomwe akudziwa kale, zoti wamphamvu amamenya wofooka. Tidzifunsenso zimene amaona pakhomo pathu.

Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukubwerawu, tisangokambirana za fizi ndi njerwa. Tifunse kuti ndi mphunzitsi uti amayendera malo ogona usiku, makamaka masabata oyamba a teremu yoyamba. Tifunse ngati a Fomu 1 ali ndi mphunzitsi wamkazi ndi wammuna amene angamuuze nkhani mwachinsinsi, ndiponso mmene mapulifeketi amasankhidwira, poti ena mwa iwo ndiwo amatsogolera nkhanzazi. Ana athu a YCS tiwapemphe kuti aliyense wa Fomu 3 atenge mmodzi wa Fomu 1 akhale ngati mng'ono wake. Ndipo ku mphakati, ana asanabwerere ku sukulu, tilembe mayina a onse opita ku Fomu 1 ndi sukulu zawo, kuti kholo limene lapeza ya basi likaone ana onse a m'mudzi mwathu, osati wake yekha.