Olowa M'munda Dzuwa Litapendeka

Mawu athu a lero achokera pa Mateyu 20, ndime 1 mpaka 16. Amene muli ndi Baibulo pafupi mutsegule, kuti tiyendere limodzi.

M'mipingo mwathu muli anthu amene anatsiriza Giredi 12 zaka khumi kapena khumi ndi zisanu zapitazo, koma sanapite patsogolo. Ena a iwo sanataye mtima. Analembanso mayeso a GCE, kawiri kapena katatu, kufikira Masamu ndi Chingelezi zitakhala bwino. Lero kalata yafika, yunivesite yawaitana. Tikanayembekezera kuti m'nyumbamo mumveke nthungululu, koma mwini kalatayo sakupeza tulo. Mumtima akudzifunsa kuti: "Ine wa zaka 35 ndikakhala bwanji pa benchi limodzi ndi ana a zaka 19? Ndikalowa m'kalasi, kodi sadzayesa kuti ndabwera kudzaperekeza mwana wanga? Nanga ndikalephera, kumudzi kuno ndidzayenda bwanji?" Alipo amene amapinda kalatayo, naiika pansi pa sutikesi, osauza munthu. Ndalama zikanapezeka, mutu ulipo, koma manyazi atseka njira.

Tsono timve fanizo limene Ambuye Yesu anaphera ophunzira ake. Mwini munda wa mpesa analawira m'mamawa kukafuna aganyu, napangana nawo malipiro a tsiku limodzi. Anatulukanso cha m'ma 9 koloko, anatulukanso dzuwa lili paliwombo, ndiponso cha m'ma 15 koloko. Nthawi itakwana ngati 17 koloko, ola limodzi lokha litatsala, anapitanso kumsika napeza anthu ena ali chiimire. Atawafunsa chifukwa chake, iwo anafotokoza kuti panalibe amene anawalemba ganyu. Mwini munda sanawanyoze. Anawatuma kumunda kwake, ndipo madzulo anawalipira mofanana ndi anzawo amene anayamba m'mawa.

Tikudziwa kuti fanizoli likunena za Ufumu wa Kumwamba ndi chisomo cha Mulungu. Ambuye sanali kunena za yunivesite ayi. Koma likutionetsa mtima wa Mulungu kwa munthu wobwera mochedwa, ndipo mtima umenewo susintha, kaya ndi m'tchalitchi kaya ndi m'kalasi.

Taonani anthu a 17 koloko aja. Sanali alesi. Mlesi akanakhala kunyumba pamthunzi. Iwo anaima pamsika tsiku lonse, dzuwa likuwaotcha, akuona anzawo akutengedwa mmodzimmodzi. Umo ndi mmene ambiri a ife tinachedwera. Wina bambo ake anamwalira ali Giredi 9, iye nagwira khasu kuti azing'ono ake adye. Wina anakhoza bwino, koma chaka chimenecho mvula inakana, ndipo ng'ombe imene ikanalipira sukulu inagulitsidwa kuti agule chimanga. Mlongo wina anatenga pathupi ali pasukulu, ndipo tikumbuke kuti lamulo lolola atsikana otere kubwerera m'kalasi linabwera mu 1997, pamene ambiri anali atatsekeredwa kale kunja. Sukulu za sekondale za boma zinaleka kulipiritsa mu 2022. Ngakhale malo enieniwo anali ochepa: University of Zambia inatsegulidwa ku Lusaka mu 1966, ndipo inali yokha m'dziko muno kufikira Copperbelt University itayamba ku Kitwe mu 1987. Munthu amene anadutsa m'zimenezi n'kufikabe pakhomo la yunivesite, achitirenji manyazi?

Mwina wina anena kuti, "Ine ndinachedwa chifukwa cha kupusa kwanga. Ndinasewera, ndinamwa mowa, ndinathawa sukulu." Chabwino, mbale. Ulape zimenezo pamaso pa Mulungu, ndipo ukalapa uzisiye pomwepo. Usasenze katundu amene Ambuye anakutula kale.

Ife alimi timadziwa kuti chimanga chobzala mochedwa sichibereka bwino, ndipo n'chifukwa chake mawu akuti kuchedwa amatiopsa. Koma tikudziwanso kuti si mbewu zonse zimene zimalowa m'nthaka ndi mvula yoyamba. Mpendadzuwa timabzala chimanga chitamera kale. Mbatata timaoka mvula itakhazikika. Kudimba timafesa anthu atakolola. Palibe amene amaseka mbatata kuti yachedwa, pakuti nthawi yake ndi imeneyo. Mose anali ndi zaka 80 pamene anakaima pamaso pa Farao, monga tiwerenga pa Eksodo 7. Zaka zambiri zisanafike zimenezo anali kuweta nkhosa za mpongozi wake Yetero m'chipululu, ndipo m'chipululu momwemo ndi mmene anadzatsogolera Aisraele. Zaka za ubusa zija sizinapite pachabe.

Zakonso sizinapite pachabe, mlongo. Iwe amene ukukaphunzira unamwino unagonapo kale pansi m'chipatala ukudwazika mayi ako. Iwe amene ukukaphunzira zaulimi ukudziwa fungo la nthaka yotopa, ndipo unaonapo mmene ntchemberezandonda zimathera munda. Iwe wa zauphunzitsi walera ana, ukudziwa mwana wanjala mmene amakhalira m'kalasi. Anzako a zaka 19 adzawerenga zimenezi m'buku, iwe udzazikumbuka.

Sitikufuna kukunamizani kuti zidzakhala zofewa. Walira mvula walira matope. Mutu umene unazolowera kuwerengera matumba a feteleza udzavutika masabata oyamba. Kompyuta idzakuchititsa thukuta pamene mwana wa pambali pako akuiseweretsa ngati chidole. Udzakhala m'kalasi mtima uli kumudzi, kumene mwana akudwala malungo. Pamenepo udzichepetse. Safunsa anadya phula. Pita kwa mwanayo, umuuze kuti, "Mwanawe, tandionetsako apa." Ambiri adzakuthandiza mokondwa, ndipo tsiku lina iwowo adzabwera kwa iwe ndi mavuto amene sangauze anzawo. Udzaonanso kuti aliyense ali kalikiliki ndi mayeso ake, alibe nthawi yowerenga imvi zako. Ngati kusiya banja sikutheka, funsa za maphunziro ochitira kunyumba, amene munthu amapita kusukuluko milungu yowerengeka chabe. Aphunzitsi ambiri a m'midzi mwathu anapeza madigiri awo mwa njira imeneyo.

Tsopano titembenukire kwa ife otsala kumudzi. M'fanizo lija, amene anang'ung'udza sanali mwini munda, anali aganyu anzawo. Manyazi amene abale athu amamva kawirikawiri sachokera ku Lusaka kapena ku Kabwe. Amachokera pachitsime, pachigayo, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Ndife amene timati, "Nkhalamba imeneyi ikufuna chiyani kusukulu?" Ndife amene timanong'oneza mwamuna kuti, "Mkazi akaphunzira adzakusiya." Mawu otere aphetsa maloto a anthu ambiri, ndipo tidzayankha mlandu wake. Abambo, mkazi wanu akaitanidwa, musamuyese mdani. Khalani pansi mupangane za ana, za munda ndi za ndalama. Amayi a chigwirizano, mnzanu akapita, ana ake asagone ndi njala inu muli pafupi. Achinyamata, tsiku limodzi lopalira m'munda mwa mbale amene ali kusukulu ndi nsembe yokondweretsa Mulungu. Namwino kapena mphunzitsi amene adzatulukemo adzatumikira ife tomwe.

Ndipo iwe amene unabisa kalata pansi pa sutikesi, kaitulutse lero. Uonetse a m'banja mwako, uonetse abusa kapena akulu a mpingo, mupemphere limodzi ndi kuyamba kuwerengera zofunika. Dzuwa lapendeka, inde, koma silinalowe, ndipo Mwini munda akuitanabe.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, Inu amene mumatuluka kukafuna anthu ngakhale madzulo, tikuika m'manja mwanu abale ndi alongo athu amene akuyamba maphunziro ali akuluakulu. Achotsereni manyazi ndi mantha. Apatseni nzeru m'kalasi, mtima wodzichepetsa pofunsa, ndi mphamvu pamene atopa. Sungani mabanja awo ndi minda yawo. Tikhululukireni ife pamene tinaseka m'malo mothandiza, ndipo mutiphunzitse kukondwera ndi mwayi wa anzathu. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.