THONJE NDI LATHU, NANGA NSARU NJA YANI?

Mau okambidwa pa msonkhano wa anchito a m'makomboni

Kwaca! Ngwee!

Abale ndi alongo, tiyeni tikambe za malaya amene tabvalawa. Thonje alima ndi makolo athu ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke. Likacotsedwa njere limangidwa m'mabelo ndi kupita kunja. Kumeneko alipota, aliomba, alisoka, ndipo ife tigula malaya pa mtengo wokwera. Nchito yonseyo ndi malipiro ace zitsala kwa eni makina.

Titalandira ufulu mu 1964 tinayesa kuomba tokha nsaru ku Kafue ndi ku Kabwe. Koma kuyambira 1991 msonkho wa pa malire unatsitsidwa, ndipo salaula ndi nsaru zochipa za ku Asia zinadzaza misika. Mulungushi Textiles inaima mu 2007, anchito natsala manja lende. Sitidzudzula mai wogulitsa salaula, pakuti nayenso afuna kudyetsa ana.

Onani tsono shuga. Nzimbe za ku Nakambala zifinyidwa komweko ku Mazabuka, ndipo cituruka m'dziko ndi shuga, si nzimbe ai. Cifukwa cace anthu zikwi apeza nchito. Komabe mpikisano ngwaukuru. Brazil agulitsa shuga wambiri kuposa dziko liri lonse. Mu 2017 maiko a European Union analeka kuikira malire alimi ao pa shuga wa beet, ndipo mitengo ya ku Ulaya inagwa. Ife tiribe nyanja: kucokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam pa njanji ya TAZARA pali makilomita 1,860, ndipo mtunda wonsewo uonjeza mtengo pa thumba liri lonse.

Nanga tigwire mtengo wanji? Tiyang'ane pafupi. Anzathu a ku Congo afuna shuga ndi ufa wathu, ndipo Kasumbalesa si kutali. Mu 2000 COMESA inayamba malonda opanda msonkho pakati pa maiko ena a mamembala ace, Zambia alimo. Koma khomo lotseguka kwa ife ndi lotsegukanso kwa anzathu. Adzapambana ndi amene katundu wace ngwabwino ndiponso wochipa.

Cotero tipemphe Boma magetsi osazima-zima m'mafakitale, miseu yabwino ndi maphunziro a makina kwa ana athu. Ifenso tigwire nchito yosanyozeka, ndipo pogula tiyambe tafuna za kuno kwathu. Dziko logulitsa thonje ndi kugula malaya lilemeretsa ena.

Kwaca! Ngwee!