Mkamwini ndi mtengwa wa kutsidya: zimene lamulo likufuna kwa iwo

Mawu amene wofalitsa nkhani za Khonsolo ya Mchinji anayankhula pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ku Ludzi



Tikakumana chonchi tinazolowera kukamba za milatho, mijigo ndi midadada ya sukulu. Lero ndabwera ndi nkhani ya m'nyumba. Ndikanapempha kuti aliyense amene ali ndi mlamu, mkamwini kapena mtengwa wochokera ku Chipata, ku Vubwi kapena ku Chadiza akweze dzanja, ndikhulupirira kuti manja otsala pansi akanakhala owerengeka. Anthu amenewa timalima nawo, timalira nawo maliro, ana awo ndi adzukulu athu. Koma ambiri a iwo akukhala m'dziko muno popanda pepala lililonse lowaloleza kutero, ndipo sadziwa n'komwe kuti pepalalo limafunika.

Sindikuwanyoza pamenepa. Malirewa anatipeza tili kale pachibale. Boma lathuli linkatchedwa Fort Manning pamene Chipata inali Fort Jameson, ndipo kuyambira 1953 mpaka 1963 tinali m'chitaganya chimodzi. M'chaka cha 1964 m'pamene Malawi ndi Zambia anaima payekhapayekha, aliyense ndi malamulo ake a unzika. Mpaka lero Achewa timapita ku Kulamba ku Mkaika kukagwadira Kalonga Gawa Undi, Angoni amapita ku Nc'wala ku Mtenguleni kwa Inkosi ya Makosi Mpezeni, ndipo kumeneko palibe amene amafuna womasulira. N'chifukwa chake m'mudzi n'kovuta kuona mkazi wa ku Chadiza ngati wakunja. Lamulo lokha ndilo limamuona choncho, ndipo limayamba kuyankhula tsiku la mavuto.

Mayi wina anabwera kudzandiona atavala zakuda. Anabadwira kutsidya, anatengwa kubwera kuno ali mtsikana, ndipo ana ake onse anabadwira pa mudzi wa mwamuna wake. Mwamunayo atamwalira, ena mwa achibale anayamba kunena kuti mayiyo abwerere kwawo. Kwawo kuti? Makolo ake anatisiya kale, munda wa kumeneko anagawana ena. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu. Koma pofuna kuthandizidwa anafunsidwa kuti asonyeze kuti iye ndani, ndiponso kuti ukwatiwo unalipo. Chitupa chake cha ku Zambia chinatayika kalekale, cha ku Malawi sakanakhala nacho, kalata ya ukwati panalibe. Nkhoswe wa kuchimuna anamwalira, wa kuchikazi anali kutsidya kwa malire. Zaka zonsezo palibe anamufunsapo pepala, ndipo tsiku limene analifuna anali yekhayekha.

Choyamba choti tigwire n'chakuti ukwati pawokha supatsa munthu unzika, ndiponso si chilolezo chokhalira m'dziko. Nzika ya Zambia siifunika viza polowa m'Malawi, izi n'zoona, koma imalowa ngati mlendo wodzacheza. Chidindo cha pa chipata chimapereka masiku 30, amene angawonjezedwe mpaka 90 ngati munthu wapita kukapempha. Kapepala kodutsira malire kamene ambiri timagwiritsa ntchito popita ku maliro kapena ku msika n'ka ulendo waufupi basi. Amene wabwera kudzamanga banja ayenera kupempha chilolezo chokhalira ku Nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, imene tonse timangoti Imigireshoni. Chilipo cha kanthawi, chotchedwa Temporary Residence Permit, ndi chokhazikika, chotchedwa Permanent Residence Permit. Munthu wolowera njira zachidule za m'minda alibe ngakhale chidindo chosonyeza tsiku limene analowa, choncho nkhani yake imayambira patali.

Popempha zilolezo zimenezi chifukwa cha banja, umboni wa ukwati ndiwo mutu. Pamenepa lamulo la maukwati la 2015 linatipeputsira zinthu, pakuti limavomereza ukwati wa kwa Bwanamkubwa, wa ku mpingo ndi wa chikhalidwe chathu wa ankhoswe. Chofunika n'chakuti ulembetsedwe ndipo kalata ikhale m'nyumba. Amene munamangitsa ukwati pa parishi pano kapena ku mpingo wina uliwonse, kaundula alipo, kapempheni kalata yanu. Amene munadzera kwa ankhoswe, pitani nawo ankhoswewo kwa mfumu yaikulu akadali moyo.

Kukhala ndi nkhani ina, kugwira ntchito ndi nkhani inanso, ndipo apa m'pamene ambiri amapunthwa, ngakhale ophunzira. Tinene kuti mphunzitsi kapena namwino wa ku Chipata wakwatiwa kuno, ndipo sukulu kapena chipatala chikufuna kumulemba ntchito. Chidindo cha mlendo sichimuloleza kulandira malipiro. Chilolezo cha ntchito, Temporary Employment Permit, amapempha ndi wolemba ntchitoyo, ndipo chiyenera kutuluka munthu asanayambe kugwira. Wofuna kutsegula bizinesi ali ndi chilolezo chakenso, Business Residence Permit. Mukalandira chilolezo chilichonse, funsani pomwepo ngati chikukulolezani ntchito, ndipo werengani tsiku limene chikutha. Eni maesiteti ndi eni magolosale amene muli pano, mlandu wolemba munthu wopanda chilolezo umagwera inunso.

Ndinene maganizo anga poyera. Zilolezo zimenezi zikuoneka kuti zinakonzedwa poganizira munthu wotsika ndege ku Lilongwe, osati mkamwini wobwera pa njinga ndi khasu lake. Malipiro ake si opepuka kwa mlimi wa mtedza, ndipo ulendo wotsatira mapepala umadya ndalama. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo komiti ino ingathe kulilemba kuti lipite ku khonsolo ndi kwa phungu wathu. Koma kulemera kwa njira yoyenera kusatikankhire ku njira yabodza.

Njira yabodzayo mukuidziwa. Chiyambire kalembera wa unzika mu 2017, chitupa chakhala kiyi wa pafupifupi chilichonse: kulembetsa nambala ya foni, kutsegula akaunti ku banki, kugula feteleza wotsika mtengo. Tsono mlamu wa kutsidya amabwera kwa mfumu usiku kudzapempha kuti amuchitire umboni woti anabadwira m'mudzi muno. Mafumu anga, ndikudziwa kuti kukana munthu amene mumadya naye mbale imodzi n'kowawa. Koma umboni wabodza pa kalembera ndi mlandu kwa wopemphayo ndi kwa wosainayo. Komanso chitupa chotere chimagwira ntchito pokhapokha pali mtendere. Tsiku limene padzabuke mkangano wa munda, amene adzaulule ndi wachibale yemweyo amene akudziwa kumene munthuyo anabadwira. Pa za malo, dziwaninso kuti malamulo a malo a 2016 amapereka umwini wolembetsa wa malo a makolo kwa nzika za Malawi. Mkamwini wakunja angalime munda wa mkazi wake monga mwa mwambo, koma dzina lolembedwa likhale la nzika.

Nanga ana athu amene anakwatiwa kapena kukwatira kutsidya? Zambia nayo ili ndi lamulo lake la 2010 loona za olowa m'dziko, ndipo muli chilolezo cha mkazi kapena mwamuna wa nzika, chotchedwa Spouse Permit. Auzeni achipemphe, ndipo akafuna ntchito akafunse kaye ku ofesi ya kumeneko. Asadalire zoti amayankhula Chinyanja ngati eni dziko. Kumbukirani kuti Kenneth Kaunda, amene makolo ake anachokera ku Nyasaland, analamulira Zambia zaka 27, koma mu 1999 khoti lina la kumeneko linagamula kuti si nzika. Chigamulocho chinadzathetsedwa, koma ngati funso la kochokera linafikira munthu wotero, mwana wathu wogulitsa tomato pa msika wa Kapata salizemba.

Pali mpumulo umodzi. Kale munthu wamkulu akatenga unzika wa dziko lina ankataya wa Malawi. Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la unzika mu 2018, ndipo tsopano Mmalawi wobadwa angathe kukhala nzika ya mayiko awiri. Zambia inalola zomwezo mu 2016. Izi zikukhudza kwambiri ana a maukwati amenewa, pakuti mwana amene bambo kapena mayi ake ndi Mmalawi ali ndi ufulu wa unzika wa Malawi. Koma ufuluwo umafuna umboni. Amayi ena a m'malire amakachilira ku chipatala cha Mwami chifukwa ndicho chili pafupi. Palibe cholakwika, koma musachoke kumeneko popanda pepala losonyeza kubadwa kwa mwanayo, ndipo mukafika kuno kamulembetseni ku ofesi ya kalembera pa boma.

Pempho langa kwa mafumu ndi ili: pomwe tidzakumanenso, mfumu iliyonse idzabwere ikudziwa mabanja a m'mudzi mwake amene mmodzi ndi wochokera kunja, ndi amene alibe kalata ya ukwati. Cholinga si kusaka anthu kapena kuwathamangitsa, ndipo mukawauze choncho momveka kuti asathawe. Tikufuna tidziwe kukula kwa nkhaniyi kuti tikapemphe akuluakulu a Imigireshoni abwere adzayankhe okha mafunso anu. Amene simungadikire, maofesi awo ali pa chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chimene chinatsegulidwa mu Disembala 2022. Tengani pasipoti kapena chitupa cha kwanu, kalata ya ukwati ndi chitupa cha mnzanu wa banja, ndipo mupite nonse awiri.

Gogo Chalo, ndaima pamenepa kuti ndilandire mafunso.