CILANGO CA KUNJA KWA NDENDE

 M'phunziro lathu la za maiko ena lero tipita ku United States of America, kukaona m'mene makhoti a kumeneko amalangira anthu a milandu ing'onoing'ono popanda kuwatsekera m'ndende. Dzina la njira imeneyi m'Cingerezi ndi probation. Aphunzitsi, lembani liwuli pabolodi, pakuti tidzalimva kawirikawiri.

Poyamba tiganize za munthu amene waba malaya m'sitolo, kapena waledzera nasokoneza anzake pamsewu. Ameneyu walakwa ndithu, ndipo ayenera kulangidwa. Koma akalowa m'ndende miyezi ingapo, nchito yake imatha, ana ake amasowa wowagulira ufa ndi makope, ndipo iye amagona cipinda cimodzi ndi mbala zozolowera zimene zingamphunzitse zoipa zoposa. Paja akuluakulu anati ikaola imodzi zaola zonse. Kuwonjezera apo, boma limataya ndalama zambiri pomdyetsa ndi pomlonda. Pa zifukwa zimenezi woweruza nthawi zina amamlola kubwerera kwao, koma amamuika m'manja mwa woyang'anira, namcenjeza kuti akaswa malamulo amene wapatsidwa adzalowa m'ndende.

Njira imeneyi inayamba ndi munthu wamba, John Augustus, wosoka nsapato wa mumzinda wa Boston m'cigawo ca Massachusetts. M'caka ca 1841 iye anapempha khoti kuti limpatse munthu wina amene anaimbidwa mlandu wa ucidakwa, nalonjeza kubwera naye tsiku la ciweruzo. Patapita masabata 3 anabwera naye atasiya mowa, ndipo woweruza, m'malo mwa ndende, anamlipitsa senti imodzi pamodzi ndi ndalama zoyendetsera mlandu. Kufikira imfa yake m'caka ca 1859, Augustus anaimirira anthu pafupi 2,000, osalandira malipiro a boma. M'caka ca 1878 cigawo ca Massachusetts cinapanga lamulo lolemba woyang'anira wa malipiro mu Boston, ndipo zigawo zina zinatsatira.

Tsopano mvetsetsani m'mene dzikolo linagawidwira. United States ili ndi zigawo zikuluzikulu 50, ciriconse ndi nyumba yake ya malamulo. Zambiri mwa zigawozi zinagawidwanso m'makaunti, ndipo kaunti tingaiyerekeze ndi boma limodzi la kwathu kuno, monga Katete kapena Petauke. Kaunti imasonkhetsa misonkho yake, ndipo kawirikawiri imakhala ndi ndende yakeyake. M'zigawo zina nchito ya probation ili m'manja mwa boma la cigawo, koma m'zina ili m'manja mwa makaunti. Citsanzo cathu ndi California, cigawo ca makaunti 58, kumene kaunti iriyonse ili ndi oyang'anira ake.

Kodi woyang'anira amacita ciani? Nchito yake imayamba woweruza asanagamule cilango. Amafufuza za wolakwayo: kumene akhala, nchito imene agwira, ngati analakwapo kale, ndi zimene wolakwiridwa anataya. Zonsezi amazilemba napereka kukhoti. Woweruza akasankha probation, amaika malamulo. Munthuyo ayenera kuonekera kwa woyang'anira pa masiku oikika, kukhala pa nchito kapena pa sukulu, kubwezera zimene anaononga, ndi kupempha cilolezo asanasamuke. Ena amalamulidwa kugwira nchito yothandiza anthu popanda malipiro, ena kupita kumalo othandiza ofuna kusiya mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndipo amapimidwa kuti zidziwike ngati asiyadi. Woyang'anira angathe kufika panyumba pao osawauziratu. Akaona kuti malamulo aswedwa amauza khoti, ndipo woweruza angathe kucenjeza, kuwonjezera malamulo, kapena kutumiza munthuyo kundende. Mukuona tsono kuti ici ndi cilango ndithu, ngakhale munthu amagona m'nyumba mwake.

Ubwino woika nchitoyi m'manja mwa kaunti ndi wakuti woyang'anira amakhala pafupi. Amadziwa misewu, masukulu, zipatala ndi olemba anthu nchito a m'dera lake, kotero angathe kulozera munthu khomo loyenera kugogoda. Koma pali bvuto la ndalama. Munthu akatumizidwa kundende yaikulu, amene amalipira ndi boma la cigawo. Akakhala pa probation, imalipira ndi kaunti. Motero kaunti yosowa ndalama imakopeka kutumiza anthu kundende yaikulu kuti katunduyo asenze ena.

Pofuna kuthetsa bvutoli, m'caka ca 1965 California inapanga lamulo lakuti kaunti ikacepetsa anthu amene itumiza kundende za cigawo, ilandire ndalama zofika madola 4,000 pa munthu aliyense, kuti ilembe oyang'anira ambiri. Dongosololi linatha m'caka ca 1978, ndipo m'zaka zotsatira akaidi anaculuka kwambiri. M'caka ca 2009 anapanganso lamulo lofanana nalo, logawira makaunti gawo la ndalama zimene cigawo capulumutsa pamene anthu a pa probation sanalowe m'ndende zake. M'caka ca 2011 Khoti Lalikulu la dziko lonselo linagamula kuti ndende za California zadzaza kopitirira, mwakuti akaidi odwala sanali kulandira cithandizo coyenera, ndipo linalamula kuti akaidi acepetsedwe. Caka comweco California inapereka kwa makaunti udindo wosunga ndi kuyang'anira anthu ambiri a milandu yosakhala ya ciwawa kapena ya cigololo cokakamiza.

Musaganize kuti njirayi ilibe zolakwika. Kumapeto kwa caka ca 2022 anthu akuluakulu pafupi 3 miliyoni anali pa probation mu United States, kuposa onse amene anali m'ndende za dzikolo. Woyang'anira mmodzi akapatsidwa anthu oculuka, sapeza nthawi yoceza ndi aliyense, ndipo nchito yake imasanduka kungolemba maina a amene abwera ndi amene sanabwere. Pamenepo munthu angathe kulowa m'ndende osati cifukwa wabanso, koma cifukwa anasowa ndalama ya basi tsiku loonekera ku ofesi. Ndiponso nthawi ya probation ikatalika kwambiri, mpata wopunthwa pa kanthu kakang'ono umakula. N'cifukwa cake m'caka ca 2020 California inapanga lamulo lakuti pa milandu yambiri ing'onoing'ono probation isapitirire caka cimodzi, ndipo pa yambiri yokulirapo isapitirire zaka 2.

Kwathu kuno nkhaniyi si yacilendo. Britain inapanga lamulo lake la probation m'caka ca 1907, ndipo dziko lathu linalandira lake m'caka ca 1953, tisanapate ufulu. Kusiyana n'kwakuti lamulo lathu ndi limodzi m'dziko lonse, pamene ku America cigawo ciriconse cili ndi lake.

Phunziro limene titenge ku California ndi ili: kubweza wolakwa kwao kumathandiza pokhapo ngati pali munthu wa nthawi yokwanira womyang'anira, ndi ndalama zolipirira munthuyo. Woyang'anira yekha sangathe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pafunika acibale omkumbutsa tsiku lopita ku ofesi, wolemba nchito wolola kumpatsa mpata, ndi anansi osamseka. Inunso ana, mnzanu wa m'kalasi amene atate ake kapena mkulu wake ali pa cilango cotere musamnyoze, pakuti m'nyumba mwao muli munthu amene akuyesa kuongola njira yake.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa thandizani ana kupeza Boston ndi California pamapu, ndipo kambiranani nao mafunso awa:

1. John Augustus anali kugwira nchito yanji, ndipo anapempha ciani kukhoti m'caka ca 1841?
2. Chulani malamulo atatu amene munthu wa pa probation ayenera kusunga.
3. Cifukwa ninji California inayamba kupatsa makaunti ndalama m'caka ca 1965?
4. Ndi milandu yotani imene inu muganiza kuti iyenera ndende, nanga ndi yotani iyenera probation? Perekani zifukwa zanu.

Mayankho a funso lacinayi alembedwe m'makope, ndipo ana awerengerane m'kalasi. Tidzakumananso sabata la mawa nthawi yomweyi. Tsalani bwino.