Mlembi Wodzifalitsira Yekha Buku

Pa phunziro lathu la lero tikamba za ulendo umene nthano imayenda kuchokera m'kope la mlembi kufikira itasanduka buku, makamaka pamene mlembiyo asankha kuyenda ulendowo payekha.

Tiyerekeze kuti ku Kanyama kuli mnyamata amene anatsiriza sukulu. Usiku uliwonse, a m'nyumba mwake atagona, iye amalemba nthano ya mayi wina wogulitsa matimati pa msika wa Soweto. Makope anayi adzaza kale. Anzake a ku George ndi ku Chawama amene anawerengako ali kumufunsa kuti, "Kodi buku lituluka liti?" Funso limeneli ndi lovuta, pakuti kulemba nthano ndi ntchito ina, kuitulutsa m'buku ndi ntchito inanso.

Poyamba tisiyanitse anthu awiri amene ambiri amawasokoneza. Wosindikiza ndiye mwini makina. Mukampatsa mawu ndi ndalama, iye amadinda mawuwo pa mapepala, namanga mabuku, ndipo ntchito yake yathera pomwepo. Wofalitsa ndi munthu wina. Iye amawerenga nthano zimene alembi amtumizira, nasankha imene aikonda, nalemba ntchito mkonzi ndi wojambula chikuto, nalipira wosindikiza, natumiza mabuku m'masitolo ndi m'masukulu. Buku likalephera kugulidwa, ndalama zotayika ndi zake. Likagulidwa, mlembi amalandira kagawo kochepa pa buku lililonse.

M'dziko lathu lino ntchito yofalitsa inayamba ndi amishoni ndi boma. M'chaka cha 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa pamodzi bungwe lotulutsa mabuku, ndipo mabuku ambiri a Chinyanja amene agogo anu anawerenga anadzera kumeneko. Titalandira ufulu mu 1964, panabadwa Kenneth Kaunda Foundation mu 1966, ndi kampani yake yofalitsa mabuku yotchedwa NECZAM mu 1967. Kampani imeneyi inatulutsa Before Dawn ya Andreya Masiye, Ticklish Sensation ya Gideon Phiri, ndi Fumbi Khoboo! ya Julius Chongo, katswiri uja amene anasangalatsa anthu pa wailesi ndi nthano za Poceza m'Madzulo. Koma mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zogulira katundu kunja zinasowa, mapepala ndi inki zinavuta kupeza, ndipo mapepala ochepa amene analipo anayamba apita ku mabuku ophunzirira. Nthano zambiri zinagona m'makabati zaka ndi zaka, eni ake ali kudikira yankho.

Tsono mlembi amene watopa ndi kudikira achite chiyani? Timve za munthu wina wa kwa anansi athu ku Malawi. Aubrey Kalitera anabadwa mu 1948. Mabuku ake oyamba, A Taste of Business la mu 1976 ndi A Prisoner's Letter la mu 1979, anatuluka kutali ku Nairobi. Pambuyo pake iye anaganiza zosenza yekha ntchito yonse, nayambitsa kampani yakeyake ku Blantyre, dzina lake Power Pen Books. Mu 1982 anatulutsa Why Father Why, ndipo mu 1983 panatsatira Mother, Why Mother ndi Why Son Why. Analemba Chingerezi chapafupi, nthano zake zinali za chikondi ndi mavuto a m'mabanja, ndipo zinachitikira m'malo amene owerenga ake anawadziwa. Ku Kenya nako David Maillu anali atachita chimodzimodzi ndi kampani yake ya Comb Books, imene inatulutsa After 4.30 mu 1974. Amuna awiriwa anaonetsa kuti anthu wamba amagula buku likakhala la mtengo wotsika ndiponso lonena za moyo wao.

Lero njira imeneyi yafupika. Nthano imataipidwa pa kompyuta, ngakhale pa foni. Makina a masiku ano atha kusindikiza mabuku makumi asanu okha, pamene makina akale anafuna kuti muitanitse mazana ambiri kuti mtengo utsike. Kuyambira mu 2007 kampani ya Amazon inatsegula njira yoti mlembi aike yekha buku lake pa intaneti. Mlembi atha kulengeza buku pa Facebook kapena pa WhatsApp, wogula namlipira pa foni.

Koma akulu anati, walira mvula walira matope. Amene akana kudikira wofalitsa wavomera kugwira ntchito zonse za wofalitsayo. Tiziwerenge ntchitozo, ndipo aphunzitsi azilembe pa bolodi.

Yoyamba ndi kukonza nthano. Ana inu, kodi simunaperekepo chimangirizo muli kukhulupirira kuti mulibe cholakwa, koma aphunzitsi napezamo zolakwa khumi? Diso la mwini limalumpha zolakwa zake. Mlembi wodzifalitsira alibe munthu womuuza kuti mutu wachitatu ndi wotopetsa, kapena kuti munthu amene anamwalira pa tsamba 20 wayankhulanso pa tsamba 60. Chifukwa chake ayenera kufuna yekha mkonzi wosamuopa, monga mphunzitsi wodziwa bwino chiyankhulo, ndi kumvera uphungu wake ngakhale uli wowawa. Mabuku ambiri odzifalitsira amagwa pa ntchito imeneyi, chifukwa eni ake anathamangira kwa wosindikiza nthano isanapse.

Yachiwiri ndi kuyala masamba ndi kujambula chikuto. Wosindikiza amayamba watulutsa buku limodzi loyesera. Mlembi aliwerenge lonse mosamala asanalole kuti makina ayende, pakuti cholakwa chimodzi chikapita, chidzaoneka m'mabuku onse.

Yachitatu ndi ya malamulo. Buku lionetse dzina la wosindikiza ndi la wofalitsa. Likhale ndi nambala yake yotchedwa ISBN, ya manambala 13, imene masitolo ndi malaibulale amazindikirira buku pa dziko lonse. Ndiponso lamulo la Zambia lifuna kuti buku limodzi liperekedwe ku National Archives kuno ku Lusaka, kumene lidzasungidwa kuti ndi zidzukulu zomwe zidzalipeze.

Yachinayi, imene ili yolemera koposa, ndi kugulitsa. Apa tengani mapensulo, tichite samu. Mitengo iyi ndi yongoyerekeza. Mnyamata wathu wa ku Kanyama wasindikiza mabuku 200, ndipo buku lililonse lamdyera K40. Walipira zingati? Walipira K8,000. Akagulitsa yekha pa K70, ayenera kugulitsa mabuku 115 kuti ndalama zake zibwerere. Akawasiya m'sitolo, mwini sitolo natengapo K20 pa buku lililonse, iye amatsala ndi K50, kotero kuti ayenera kugulitsa mabuku 160 asanaone phindu ngakhale la ngwee imodzi. Nanga akagulitsa 60 okha kwa abale ndi anzake? Wapeza K4,200, wataya K3,800, ndipo mabuku 140 ali m'katoni kunsi kwa bedi, kumene chinyezi cha m'dzinja chili kuwadikira. Inu a ku Kanyama mudziwa zimene madzi amachita m'nyumba mvula ikachuluka. Ngati ndalamazo zinali zokongola, kapena zinali za lendi, nthano yabweretsa njala pa nyumba.

Chifukwa chake mlembi wanzeru amayamba ndi mabuku ochepa, nawonjezera akatha. Amadziwiratu kumene owerenga ake ali: m'masukulu, m'matchalitchi, m'maofesi a mu Cairo Road, ndi m'masiteshoni a mabasi. Amanyamula mabuku m'chikwama tsiku ndi tsiku popanda manyazi, monga amachitira wamalonda aliyense. Amalembanso m'kabuku ndalama iliyonse yotuluka ndi yolowa.

Musaganize kuti za m'komboni sizingalowe m'buku. Namwali Serpell, amene anabadwira mu Lusaka, anaika Kalingalinga m'buku lake lalikulu The Old Drift la mu 2019, ndipo anthu a maiko akutali anawerenga za malo amenewo. Koma Matero, Mtendere ndi Chawama ali ndi nthano zambiri zimene sizinalembedwe, makamaka m'Chinyanja chathu, ndipo ozidziwa bwino ndinu amene mumatunga madzi ndi kusewera mpira m'menemo.

Tsopano nayi ntchito ya sabata ino. Aphunzitsi, gawani ana m'magulu a anthu asanu. M'gulu lililonse mukhale mlembi, mkonzi, wokopera mawu bwino, wojambula chikuto, ndi wolengeza buku. Tengani mapepala anayi, muwasanjike pamodzi ndi kuwapinda pakati. Pepala lililonse lopindidwa limapereka masamba anayi, tsono mudzakhala ndi kabuku ka masamba 16. Sokani pakati ndi singano ndi ulusi. Nthano ikhale ya kwanuko, ndipo isakoperedwe m'kabukuko mkonzi asanaiwerenge kawiri. Lachisanu gulu lililonse liwerengere kalasi kabuku kake, ndipo mukambirane funso ili: mwa ntchito zisanuzi, ndi iti imene munthu mmodzi akanalephera kuigwira bwino payekha?

Timabuku timeneto musataye. Tisungeni m'kabati ya kalasi kuti ana a chaka chamawa adzawerenge. Tidzakumananso sabata yamawa pa nthawi yomwe ino. Tsalani bwino, ana inu, tsalani bwino aphunzitsi.