Msonkho Wopanda Mawu Ndiwo Unagwetsa Atsamunda

Mawu oyankhulidwa pa msonkhano wa ku Jenala, m'boma la Phalombe



Kodi anthu amaukiranji boma? Funsoli linayankhidwa ku America zaka zambiri zapitazo. Nkhondo ya Britain ndi France itatha mu 1763, Britain inatsala ndi ngongole yaikulu. Nyumba ya Malamulo ya ku London inaganiza zokhometsa misonkho m'madera 13 a ku America, kuyambira pa mapepala mu 1765, kenaka pa tiyi. M'nyumbayo munalibe phungu ndi mmodzi yemwe wa anthuwo. Mu 1773 anthu a ku Boston anataya tiyi m'nyanja, ndipo pa 4 Julayi 1776 maderawo analengeza kuti adzilamulira okha.

Ife sitifunika kupita kutali kuti timvetse zimenezi. Msonkho wa nyumba unafika kuno m'zaka za m'ma 1890. Makolo athu ambiri Achilomwe, amene anawoloka kuchokera ku Mozambique, anakhala m'minda ya Azungu nagwira thangata kuti asathamangitsidwe pamalopo. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsidwa ku Zomba mu 1907, koma munthu wakuda analowamo mu 1949, naye wochita kuikidwa ndi Bwanamkubwa. Zaka 42 tikulipira, ena akutiyankhulira!

M'busa John Chilembwe, yemwe anaphunzira ku Virginia, ku America konko, anayamba ndi kudandaula. Mu 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kutsutsa zotenga Aafirika kukafa pa nkhondo ya Azungu. Boma linagontha. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira ku Magomero, ndipo pa 3 Febuluwale iye anawomberedwa m'chigawo chino cha Mulanje akulowera ku Mozambique.

Atsamunda sanaphunzirepo kanthu. Mu 1953 anatikakamiza kulowa m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mafumu ndi anthu awo akukana. Pa 3 Malichi 1959 anamanga Dr. H. Kamuzu Banda ndi atsogoleri a Kongeresi, ndipo anthu anaphedwa ku Nkhata Bay. Koma Chitaganya chinatha mu 1963, ndipo pa 6 Julayi 1964 tinalandira ufulu wathu.

Tsono ndiyankhule nanu, antchito a Boma ndi atsogoleri anzanga. Maofesi amene mukhalamo anali a Bwana Disi. Mayi wogulitsa nandolo kapena nsomba za ku Chilwa akadula tikiti ya msika, ali nawo ufulu wofunsa kumene ndalama yake yapita. Muyankheni mwaulemu. Mfumu ikabwera kudzadandaula za mlatho kapena mjigo, musaibweze pakhomo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Boma la Angerezi linali ndi mfuti, asilikali ndi ndende, koma linagwa chifukwa linakana kumvera anthu olipira msonkho. Ufulu umene makolo athu anaufera tiusunge pomvera anthu athu.