Ali Kunja: Mau a Mlembi pa Chikondwerero cha Zaka 50 za Chigwirizano pa Mpingo Wathu



Komiti itatipempha kuti tilankhule pa tsiku lalikululi, tinayamba tatsegula buku la maina limene tisunga monga mlembi wanu. Tinawerenga maina a amai amene anatsogola kale, ndi maina a inu amene mwakhala pa mabenchi apa. Koma tinapezanso maina ena amene pambali pake tinalembapo mau awiri okha akuti "ali kunja". Ena mwa iwo ndi aphunzitsi, ena ndi akazi a aphunzitsi. Tsono tati lero tilankhule za iwowa, pakuti njira imeneyo ifenso tinayendamo, ndipo kulemera kwake tikudziwa.

M'chaka cha 1990 abambo a kunyumba kwathu anapeza ntchito yophunzitsa masamu ku Botswana. Masiku amenewo dziko limenelo linali kumanga sukulu zambiri za sekondale, ndipo aphunzitsi a komweko anali osakwana, kotero boma linali kulemba aphunzitsi a maiko ena. Njira yachidule ya ku Tete inali yoopsa chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha m'chaka cha 1992. Motero tinadzera ku Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Livingstone, ndi kuoloka Zambezi pa Kazungula. Mlatho umene uli pamenepo lero unatsegulidwa mu 2021. Ife tinaoloka pa pantoni, ana atatu atatigwira chitenje. Kuchokera apo tinayenda mtunda wautali wa tchire lokhalokha, njovu zili m'mbali mwa mseu, kufikira ku Francistown, ndi kupitirira pang'ono mpaka mudzi wa Tonota. Kumeneko tinakhala zaka 7.

Pochoka kuno anthu anati, "Inu ndiye mwaolokatu, umphawi mwausiya." Sitikana, malipiro anali abwino kuposa a kuno, ndipo nyumba imene tikhalamo lero malata ake anachokera ku choko cha kumeneko. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Matopewo ndiwo tifuna kukuuzani, chifukwa obwera kuchokera kunja sakonda kuwatchula.

Choyamba chinali pakamwa. Anthu a kumeneko alankhula Setswana, ena Kalanga. Abambo anali ndi mwai pang'ono popeza m'kalasi anali kuphunzitsa m'Chingerezi. Komabe ana akafuna kuseka anali kusekera m'chinenero chao, mphunzitsi ali chiimire pa bolodi osadziwa ngati akuseka samu kapena akuseka iye. Anali kudzuka kusanache, kubwera dzuwa litapendeka, ndi kukhala pa tebulo usiku kuchonga makope. Ntchito inali ya pangano la zaka zowerengeka, ndipo pangano likamatha tulo sitinali kuona, posadziwa ngati adzationjezera kapena adzati longedzani. Ife amene sukulu tinalekera ku pulaimale tinali kutsala m'nyumba tsiku lonse ndi mau awiri okha, "Dumela mma". Tinali kupereka moni umenewo pa mpopi, mnzathu nkuyankha mau ambirimbiri, ife nkungomwetulira ngati mwana. Amai anzathu, munthu wozolowera kucheza pa mtondo ndi pa chitsime, kutha sabata yathunthu osaseka ndi mkazi mnzake, amenewo ndi matenda.

Chachiwiri chinali chakudya. Nyama ya ng'ombe inali yosasowa, ndipo mwezi woyamba tinati tafika ku Kanani. Mwezi wachitatu tinayamba kulota usipa. Ufa unali wa m'sitolo, wosakonola ndi wosaviika, ndipo nsima yake inali kukhuta m'mimba koma osafika pa mtima. Eni dziko akonda phala lolimba la mapira, limene alitcha bogobe. Tinayesa kudzala maungu kuseri kwa nyumba kuti tipeze nkhwani, ndi kuthirira ndi madzi otsukira mbale, pakuti dziko lija ndi la mchenga ndipo mvula ndi yochepa. Mtsinje wa Shashe umene uli pafupi ndi mudziwo ukhala mchenga wokhawokha miyezi yambiri ya chaka. Mvula aiwerengera kwambiri, kotero kuti ndalama yao aitcha pula, ndiko kunena mvula. Maungu athu aja atangoyamba kuyanga, mbuzi za eni zinalowa ndi kumaliza onse m'mawa umodzi. Tinakhala pa khonde ndi kulira, ndipo abambo pobwera anadabwa kuti munthu wamkulu alirira masamba. Koma sitinali kulirira masamba ai.

Chachitatu chinali ana. Iwo chinenero anachitola msanga, koma tsiku lina wamkulu anabwera kuchokera ku sukulu nafunsa kuti, "Amai, kodi makwerekwere ndiye chiyani?" Ndilo dzina limene ena anali kuitana nalo alendo a maiko ena a mu Afrika. Tinasowa chomuyankha. Zoonadi kwa eni kulibe mkuwe.

Tsono tisawanamizire anthu a kumeneko, pakuti pakati pao tinapeza Akhristu enieni. Tinali kupemphera ku mpingo umene unabadwa mwa ntchito ya London Missionary Society, bungwe lomwe linatuma David Livingstone. Iyeyo anakhala ku Kolobeng m'dziko lomwelo kuyambira 1847, asanafike pa nyanja yathu m'chaka cha 1859. Lamulungu loyamba sitinamve kanthu pa ulaliki, koma ataimba nyimbo tinazindikira maimbidwe ake kuti ndi omwe aja a kwathu, mau okha ndiwo anali achilendo. Tinaimba m'Chichewa chapansipansi, misozi ili chuchuchu. Mai wina wachikulire amene anakhala pafupi nafe anaona, natigwira dzanja osanena kanthu. Lachinayi lake anabwera kudzatitenga kunka ku msonkhano wa amai. Ndiye amene anatiphunzitsa kuwerenga ndalama ndi kugula pa msika, ndipo tsiku lina anatipatsa masamba a khobwe ouma, ofanana ndithu ndi mfutso wathu.

Tsopano tifike pa nkhani imene yatiimika pano, ndiyo ya makalata. Masiku amenewo kunalibe mafoni a m'manja. Kalata inali kuyenda masabata awiri kapena atatu. Abambo akabwera nayo, tinali kusamba m'manja tisanatsegule. Koma makalata ambiri anali ofanana. Moni mizere iwiri, kenaka mndandanda: feteleza, fizi, bulangete, wailesi. M'chaka cha 1992 kunagwa chilala choopsa, kuno anthu nkumadya chimanga chachikasu cha thandizo, ndipo makalata otero anachuluka. Sitiwadzudzula abale athu, njala inalipo ndithu, ndipo tinatumiza monga tinakhoza. Koma mwa makalata onsewo panalibe imodzi yofunsa kuti, "Kodi inu mukukhala bwanji kumeneko?" Tinayamba kuiopa kalata imene kale tinali kuilakalaka.

Mu February 1993 inafika kalata yaifupi. Inati amai athu otibala anamwalira, ndipo anaikidwa masabata atatu apitawo. Pambuyo pake tinamva kuti anadwala miyezi inai. M'miyezi imeneyo tinalandira makalata awiri opempha ndalama, koma za matendawo sanatchule, ati poopa kutidandaulitsa. Tikadadziwa, tikadakwera basi. Amai anzathu, bala limenelo lapola, koma chipsera chilipo mpaka lero. Amai a ku mpingo wa kumeneko atamva anabwera ndi nkhuni, tiyi ndi buledi, nakhala nafe pansi masiku awiri, kulira maliro a munthu amene sanamuonepo.

Patapita mwezi, dalaivala wina wa lole anatipatsira kaphukusi kosokedwa m'thumba la shuga. M'katimo munali mfutso, usipa, nsinjiro, ndi kalata ya masamba anai yochokera ku Chigwirizano chino. Mlembi wa nthawi imeneyo, amene anatsogola kale, analemba zonse mwa dongosolo: amene anasambitsa thupi, amene anaphika, amene anachezera kuimba usiku wonse, mau amene abusa analalikira, ndi malo amene mandawo ali, pafupi ndi mtengo wa msuku. Analembanso za mvula, za ana amene anabatizidwa, ndi za denga la tchalitchi limene linali kudontha. Kumapeto amai onse analemba maina ao, ndipo osadziwa kulemba anadinda chala. M'kalata monsemo munalibe pempho ngakhale limodzi. Tinaiwerenga kufikira inang'ambika m'mopinda. Tsiku limenelo tinadziwa kuti maliro a amai athu sanasowe mwana wamkazi, ndi kuti dzina lathu silinafafanizidwe m'buku. Kalatayo ili m'Baibulo lathu mpaka lero, ndipo wofuna kuiona abwere tikatuluka.

M'buku la Yeremiya mutu 29 tiwerenga kuti mneneri analembera kalata anthu a Mulungu amene anali ku Babulo. Sanawapemphe kanthu. Anawalimbikitsa kumanga nyumba, kulima minda, ndi kupempherera mudzi umene anakhalamo, nawakumbutsa kuti Mulungu sanawaiwale. Ntchito imeneyo ndiyo imene amai aja anatichitira, angakhale ambiri a iwo sanapite patali ndi sukulu.

Tinabwerera kuno mu 1997, aphunzitsi a dziko lomwelo atayamba kuchuluka. Kubwera nakonso kunali ndi zake. Mwana wathu wotsiriza Chichewa chinali kumuvuta, anzake nkumamuseka. Ena potilonjera maso anali pa masutikesi. Koma tinabwera. Tidziwa mabanja ena a aphunzitsi amene sanabwere konse. Kuno tiwatcha matchona, ndipo tinena kuti anaiwala kwao. Koma tidzifunse, kodi anayamba kuiwala ndani? Munthu akaona kuti kwao amkumbukira pa tsiku la malipiro lokha, ndipo chaka china alibe choti atumize, manyazi amgwira, aleka kuyankha, ndipo zaka zipita. Utchona wina timaumba ndife otsala.

Lero ana athu ali kuphunzitsa ku Joni, ku Mozambique, ku Mangalande ndi kwina. Kalata ya masabata atatu inatha, tsopano ndi WhatsApp, mau afika nthawi yomweyo. Koma mwana wina wa mpingo uno atabwera pa tchuthi anatiuza kuti foni ya kumudzi ikalira mtima wake umagunda, chifukwa adziwa kuti ndi maliro kapena ndalama. Tsono makina asintha, koma mndandanda uja ndi womwewo.

Chifukwa chake komiti yatituma kuti tiike pamaso panu zinthu zisanu, kuti tilowe nazo m'zaka zimene zikudza.

Choyamba, banja lililonse limene lili ndi munthu kunja lipereke dzina lake kwa mlembi, kuti tizimtchula m'mapemphero a mwezi ndi mwezi.

Chachiwiri, mai aliyense atenge dzina limodzi losakhala la mwana wake, ndipo kamodzi pa mwezi atumize mau opanda pempho. Auzeni za mvula, za ubatizo, za kwaya, ngakhale za mbuzi imene yaswa. Zimene kwa inu ndi zachabe, kwa iwo ndi ndiwo. Amene alibe foni abwere kwa mlembi, tidzathandizana.

Chachitatu, matenda tisabise. Munthu auzidwe zoona nthawi ikadalipo, ndipo za kubwera kapena kusabwera asankhe yekha.

Chachinai, akafika pa tchuthi tiyambe tafunsa za moyo wao ndi kuwaphikira nkhwani wotendera, tisanayang'ane chimene anyamula. Ana ao akaphonya Chichewa tisawaseke, koma tiwaphunzitse.

Chachisanu, tikumbukire kuti kuno nakonso ndi kunja kwa ena. M'sukulu za dziko lino mufika aphunzitsi ochokera ku Japan, ku America ndi maiko ena, ndipo ngakhale mphunzitsi wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje akhoza kupukwa pakati pathu. Wotere akakhala pafupi nafe m'tchalitchi, tichite monga anachitira mai wachikulire uja wa ku Tonota.

Amai anzathu, bulauzi yoyera ndi duku loyera tivala pa msonkhano ndi pa maliro, ndipo anthu ationa. Koma ntchito ya Chigwirizano imene inatipulumutsa ife inachitika pa mphasa, ndi bolopeni ndi pepala la m'kope, popanda woiona. Amai amene anadinda zala pa kalata ija ambiri anagona. Atatu okha ali pano lero, ndipo tipempha kuti aimirire, kuti tiwathokoze pamaso pa mpingo patapita zaka zonsezi.

Buku la maina lili pa tebulo pakhomo. Potuluka musalipitirire.

Ambuye adalitse Chigwirizano chathu, asunge ana athu kulikonse kumene ali, ndipo awabweze kwao ndi mtendere.